Mapisitoni Abwerera Kunyumba

Pamzere wa m'sitolo ya zipangizo za magalimoto, bambo wina anakumbatira katoni ya mapisitoni a mu injini, nkhope ili gwaa. Mayi wakumbuyo kwake anasuzumiramo.

"Mukubweza, achimwene?"

"Eya, mayi. Ndaika supachaja pa injini, koma makaniko wandisankhira a kompuresheni yotsika, osafinya mpweya kwambiri, eyiti ndi theka. Ine ndimafuna leveni, galimoto izilusa."

"Petulo wake wamba yemweyu? Supachaja ikukankhira kale mpweya mu injini, inu mufinyenso? Amuna anga anakakamira leveni. Injini inayamba kugogoda, pisitoni n'kusungunuka panjira, akundithamangitsira kuchipatala kukachira."

"Kalanga! Nanga mwana?"

"Anabadwira pampando wakumbuyo. Ngwathanzi, timangomuti Pisitoni."

Bamboyo anaseka, mtima n'kukhala m'malo, natuluka pamzere.

"Dutsani, mayi, sindibwezanso. Akazi anga mwezi wawo ndi uno."