Mchere wa a Khembo

Zaka za chipani chimodzi zija, pamene munthu sunkalowa mumsika wa pa Ngabu wopanda khadi, ine ndinali pa kachipatala kena cha ku Lundu kuno, ndipo ngakhale sukulu yanga sinafike pa udokotala, anthu ankanditchula kuti adokotala, inenso osakana ayi. Musaseke, adzukulu.

Anandipatsa ophunzira anayi kuti ndiwaphunzitse kusamalira okalamba mogwirizana. Inu lero mumakhala pansi n'kukambirana za wodwala, koma kugwirizana kwanga kunali kwakuti ine ndilankhule, iwo agwedeze mitu.

Kenaka anabwera nawo a Khembo, msodzi wokalamba wa kudambo, atafooka ndi malungo. Malungo tinawagonjetsa, koma mkuluyo anakana kudya. Masiku anayi! Tikawapatsa ndiwo ankangoti, “Nkhabe,” kukana kwa Chisena kumeneko, n'kutembenukira kukhoma, ndipo thupi linkatha tikuona. Ndinachita mantha kuti atifera m'manja.

A Khembo ndinawagawa kwa ophunzira anga ngati mbuzi ya paukwati: wina mimba, wina chifuwa, wina m'kamwa, wina magazi, ndipo aliyense anati mbali yake ili bwino. Ine, pofuna kuoneka wodziwa, ndinalamula kuti tiwalowetse kapaipi kodyera m'mphuno.

Mayi Nyakamba, amene ankakolopa m'chipindamo, anaimika ntchito. “Pepani adokotala, kodi mwawafunsa kuti mchere wathira mbani?”

“Mayi, inu kolopani,” ndinatero ine wanzerune.

Koma Esitere, wophunzira wamanyazi kuposa onse, anagwada pafupi ndi bedi n'kuwafunsa a Khembo za amene wathira mchere mu ndiwo. Haa! Mkuluyo ankaopa mdulo, matenda amene akale ankati amabwera ukadya mchere wothiridwa ndi mkazi amene sukudziwa mayendedwe ake. Sankafuna kufa, ankathawa imfa! Mayi Nyakamba anakatenga ndiwo zopanda mchere, a Khembo anathira okha ndi dzanja lawo, ndipo anadya mpaka kunyambita zala, ine nditaima pamenepo ndi kapaipi kanga.

Tsiku lotuluka anagwira dzanja la mayi aja. “Takhuta, mai,” anathokoza motero m'Chisena. “Koma wophunzira wanu wamtaliyu,” akuloza ine, “musamuthamangitse, adzaphunzira pang'onopang'ono.”

Manyazi ake ndimawamvabe mpaka lero. Choncho inu amene mukupita kukaphunzira za chipatala, mukazungulira bedi la nkhalamba muziyamba mwafunsa amene amachezera nayo, ngakhale akhale wogwira tsache.