Wachitatu Ali M'njira

Pamzere wa sikelo ya amayi oyembekezera, mayi wa duku lofiira anaona mimba ya mayi wina wokhala pa njinga ya olumala, napukusa mutu.

"Koma abale! Ndani wopanda chisoni wakuchitani zimenezi?"

"Amuna anga, mayi. Musawamangitse, anayamba kuponya diso ndi ineyo."

"Ha! Muli pabanja?"

"Chaka chachisanu ndi chinayi chino, ndipo uyu ndi wachitatu. Pa woyamba anamwino anandikalipira ngati ndaba. Masiku ano akangondiona amatsitsa okha bedi loyezerapo."

"Pepanitu, ndayankhula mopupuluma. Nanga kumbuyo mudzambereka bwanji?"

"Kumbuyo kukatani? Akulu ake anakulira pamiyendo pomwepa. Mpaka lero amamvera chisoni anzawo, ati amayi awo alibe matayala!"