Zala Ziwiri Basi, Amayi

Akuluakulu a pa wailesi, kalata iyi muiwerenge pang'onopang'ono, chifukwa amayi anga ku Kapondo saphonya pulogalamu yanuyi.

Nditalephera Fomu 4 ndinatsatira anzanga ku Joni, n'kupeza ganyu mufakitale ya nsomba ku Kepitauni. Vuto langa ndi kukokomeza. Pa foni ndinkawauza amayi kuti nsomba za kuno n'zazikulu ngati ng'ombe, timazikoka ndi thirakitala, ndipo ine ndine bwana wa makina onse. Zoona zake, ndinkangoponya nsomba pa lamba wa makina odula mitu.

Mufakitalemo mumazizira moti ngakhale mamina amauma. Tsiku lina ndinavala magolovesi obwereka, aakulu ngati zikapu. Nsomba ina itakodwa, ndinapisa dzanja osazimitsa makina. Mpeni unakoka golovesi n'kupita ndi zala zanga.

Ndili m'chipatala ndinaimba kumudzi n'kuwauza amayi kuti ndaduka zala. Amayi anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwana iwe, yakuluma ndi nsomba ija yonga ng'ombe? Usanditayitse nthawi, ndikukumba mtedza kuno."

Basi n'kudula foni. Chithunzi sindingawatumizire, kafoni kawo n'kamabatani.

Pano ntchito inatha. Anzanga akapita kufakitale ndimatsala ndekha m'kachipinda ka malata, kumacheza ndi khoma. Kumanga mabatani a shati kumanditengera chaka chathunthu. Palibe wondifunsa kuti ndadzuka bwanji.

Amayi, ndine uja wa nsomba zonga ng'ombe. Mumati wailesi sinama, ndiye imvani: zala zapita ziwiri, kudzanja lamanja. Ziwiri basi. Ulendo uno sindinawonjezereko ngakhale chimodzi.