Ntchafu ya nkhuku imene bambo anavundikira

Kale ndithu, inu musanabadwe, nthawi imene basi ya ku Lilongwe inkadutsa pa boma pano m'mamawa, ukaiphonya n'kungobwerera kunyumba, ine azakhali anu ndinali mtsikana wamanyazi wongomaliza kumene Folomu 4, ndipo ndinkalemba katundu m'sitolo ya bambo wina wachisilamu. Tadala, pitiriza kudzola zakozo, undibwereke makutu okha, minibasi sizitha masiku ano.

Agogo anu aamuna, bambo anga, anali tenanti pa esiteti ya fodya cha ku Kapondo. Chibwerereni kuchokera kwawo ku Phalombe sankadziwa kupuma, koma chaka chimenecho atamaliza kudinda mabelo anapatsidwa tsiku limodzi lopuma, ndipo abwana anga atamva anandiuza kuti nanenso ndisabwere kuntchito, n'kundibwereka ndi ambulera yomwe. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: bambo akhale pampando, wina awatumikire, adye akhute, kamodzi kokha m'moyo wawo.

Tinakwera basi ija n'kufika mumzinda wa Lilongwe dzuwa lisanatenthe. Inu mukapita kumeneko maso amakhala pafoni, koma ife tinkayenda pang'onopang'ono, bambo akuima pagalasi la sitolo iliyonse, ndipo chimene chinawaseketsa kwambiri n'kuona anthu akuthirira kapinga pamene panalibe mbuzi yomudya. Tinajambulitsa chithunzi chija chili pakhoma, tinakhala pansi pa mtengo n'kumaonerera magalimoto, kenako masana tinalowa m'hotela ina ya nsalu zoyera pamatebulo.

Wotitumikira anali bambo wa imvi, wovala jekete loyera. Ataona bambo anga akuyang'ana mafoloko ngati zida za kuchipatala, anangowachotsa mwakachetechete n'kubwera ndi beseni ndi madzi ofunda. Ine poona munthu wa imvi akundithirira madzi ndinatsala pang'ono kugwada, koma anandinong'oneza kuti ndikhale, tsikulo linali langa.

Kunabwera supu wa bowa, buledi wofunda, mpunga wonunkhira ndi nkhuku yootcha. Ataika zonse, munthu uja anabwerera m'mbuyo n'kukaima chapafupi, manja kumbuyo, monga ntchito yake inkafunira. Bambo sanakhudze mbale. Anandiuza chapansipansi kuti sangadye mnzawo wamkulu ataimirira akuwayang'ana, mkamwa mulibe kanthu. Ndinawafotokozera kuti kuhotela zimatero, koma iwo anati kaya ndi kuhotela kaya ndi kumudzi, njala ndi yomweyo.

"Achimwene," anaitana mokweza, "kokani mpando. Chakudyachi n'chambiri."

Anthu a matebulo ena anatembenuka, ndipo ine ndinalakalaka nditalowa pansi pa nsalu ija. Wotitumikirayo anathokoza mwaulemu, n'kunena kuti akangokhala pansi abwana ake amuona ndipo mawa lake sadzavalanso jekete limenelo. Bambo anamvetsa, koma anakankha mbale, natenga chipewa chawo, n'kundiuza kuti tiyeni tikagule tchipisi kudepoti, kumene aliyense amadya ataimirira. Tsiku lawo limodzi lija linali kutha chakudya chikuzizira patebulo.

Munthu uja anafunsa kumene tinkachokera. Atamva kuti ndi ku Kapondo anamwetulira, nati iye anakulira ku Guilleme, m'boma lathu lomweli. Kenako anawerama pang'ono.

"Bambo, kwathu munthu akachedwa kumunda, ena samudikira. Amadya, n'kumusungira. Ine pano ndili kumunda."

Atatero anapita kukaima kuseri kwa chipilala, kumene bambo sakanamuona.

Bambo anaika chipewa chija pansi, anasankha ntchafu yaikulu ya nkhuku ija, naiika m'kambale ka buledi pamodzi ndi mpunga, n'kuvundikira ndi kambale kanga, monga mmene mayi ankachitira kunyumba. Atamaliza zimenezo ndi pamene anayamba kudya. Ana inu, munthu anadya tsiku limenelo! Supu anamwera m'mbale momwemo, mafupa anawatafuna, ndipo ayisikilimu atabwera anadandaula kuti akuwapweteketsa mano, koma anamaliza wawo n'kuyamba kusuzumira wanga.

Pochotsa mbale, wotitumikirayo ananyamula kambale kovundikira kaja padera, ndi manja awiri, bondo atapinda pang'ono. Ndinkaganiza kuti wangotisangalatsa, mwina akataya. Koma potuluka tinadutsa pafupi ndi khomo la kukhitchini, ndipo tinamuona atakhala pa kireti, jekete atavula, akudya. Atationa anakweza fupa m'mwamba. Bambo nawo anakweza chipewa, ndipo m'basi monse pobwerera sanakambe za magalimoto kapena za nyumba zosanja. Ankangobwereza kuti mnzawo wa ku Guilleme uja wadya.

Masiku ano mumajambula chakudya musanachilawe, ndipo sindikuti n'kulakwa, tsiku lopuma ndi lanu, kasangalaleni, kadyeni zonona zimene ife sitinkazidziwa n'komwe mayina ake. Koma mbale ikamafika patebulo, kwezani maso muone nkhope ya amene waibweretsa, mumupatse moni, chifukwa inu mukupuma iye ali kumunda. Nyamukani tsopano. Tadala, milomo yafiira mokwanira, ndipo ambulera ali kuseri kwa chitseko.