Msonkhano Wokonza Mpopi

Pamzere wolandirira mankhwala kuchipatala, bambo wina anatembenukira mayi wobereka mwana amene anaima kumbuyo kwake.

"Mwanayu chavuta n'chiyani, mayi?"

"Kutsegula m'mimba, bambo. Chiwonongekere mpopi wa kuseri kwa msika uja, tikumwa madzi a m'chithaphwi."

"Pepani. Komatu nkhani imeneyo ili m'manja abwino. Ine ndili m'komiti ya madzi, dzulo lomweli tinakumana."

"Ndiye aukonza liti?"

"Dekhani. Apampando athu ndi munthu woopa Mulungu, sayamba chinthu osapemphera. Tsono kuti pasapezeke wodandaula, chipembedzo chilichonse chinapereka pemphero lake lotsegulira."

"Chilichonse?"

"Eya. Anayamba abusa, analandira ashehe, kenako akatekisiti, mpaka aneneri aja opempherera m'kalasi pasukulu. Iwo aja akagwira sataya msanga."

"Nanga za mpopi munakambako?"

"Kwabasi! Palibe pemphero limene silinautchule."

"Ndikunena wokonza mipopi, bambo. Anabwera?"

"Anabwera, ndi zipangizo zake zomwe. Koma pomwe timati ameni womaliza n'kuti dzuwa litapendeka. Ndiye apampando anamupatsa ulemu, anamupempha kuti atitsekere ndi pemphero."

"Ndiye munagwirizana chiyani?"

"Mfundo yaikulu zedi. Msonkhano wotsatira ayambe kupemphera ndi aneneri, poti anadandaula kuti tinawaika kumapeto."

"Ohoo. Nanga inuyo mwadzera chiyani kuno?"

"M'mimba momwemu, mayi. Tandigwirirani malo, ndikubwera."