Agogo Agona Kukhichini

Kagalu kanafika Lachiwiri m'katoni, ndipo chifukwa cha tindevu toyera pachibwano pake, ana anakatcha Agogo. Agogo enieni, bambo awo a mayi a m'nyumbamo, anafika Lachisanu m'mawa ndi masutikesi awiri kudzakhaliratu, patatha miyezi isanu ndi itatu chiikire mkazi wawo m'manda.

Mkamwini wawo amagwira ntchito yowerenga mamita a madzi, ndipo mawu amawamva monga amawerengera manambala, osawonjezera, osachotsera. Zaka zonsezi iye ankawalankhula apongozi akewo mwaulemu ngati akunena munthu wina: agogo adzuka bwanji, agogo amwe tiyi. Ataona kuti dzina tsopano lili ndi eni ake awiri, anaganiza zoti mkuluyo aziwatchula kuti bambo, kuti pasakhale chisokonezo. Ganizo labwino ndithu. Anangoiwala kuwauza.

Mkazi wake anali kuntchito, ana kusukulu, kagalu kali mtulo kuseri kwa chitseko cha khichini.

"Bambo, takulandirani," anatero mkamwini atakhala pakampando, pepala lili m'manja. "Mayi a ana anati mukangomwa tiyi ndikuwerengereni malamulo a Agogo, kuti tonse m'nyumba muno tiziyendera chimodzi."

Mkuluyo anaika kapu pansi. Anayendetsa basi zaka makumi atatu, ndipo m'basimo wopereka malamulo anali iwo. Njira yonse anabwera ndi mantha amodzi, oti akakhala katundu m'nyumba ya eni, koma kuulula zimenezo ndiye ayi. Anaganiza zoyankha momwe afunsidwira, ngati akunena munthu wina.

"Agogo ali ndi malamulo?"

"Khumi ndi awiri. Analemba ndi dokotala."

"Dokotalayo wawaona liti agogowo?"

"Sanawaone. Tinangomutumizira chithunzi pafoni. Akuti mimba yokhayo ikuonetsa kuti muli njoka."

Mkuluyo anayang'ana mimba yawo, n'kumanga batani la jekete.

"Werengani."

"Loyamba. Agogo azigona kukhichini. Tawayalira kale katoni ndi bulangete lakale."

"M'nyumba ya zipinda zitatu."

"Zinayi, bambo, kuwerengera kosungira katundu."

"Zinayi. Koma agogo pakatoni."

"Kuchipinda angazolowere. Dokotala akuti ukawalola tsiku limodzi, mawa lake uwapeza pabedi, pakati pa iwe ndi mkazi wako."

"Dokotala ameneyu akuwadziwadi agogowo."

"Akuti onse amatero."

"Chabwino. Ena anagonapo pampando wa basi zaka zambiri. Katoni si nkhani. Pitirizani."

"Lachiwiri. Azidya katatu patsiku, m'mbale yawoyawo, pansi."

"Tebulo lija ndi la maluwa?"

"Ndi la ife, bambo. Tikamadya iwo azikhala panja. Amayang'ana munthu m'kamwa, ndiye ana amamva chisoni n'kumawaponyera."

"Kuwaponyera."

"Ee, ndipo amawakha bwino. Koma mafupa ayi. Mano awo si olimba."

Mkuluyo anakankha mano awo oikirira ndi lilime kuti akhale bwino. Nkhani ya manowo ankaidziwa mkazi wawo yekha.

"Za mano anakuuzani ndani?"

"Zimaoneka akamayasamula. Akuti agweka onse posachedwapa, koma amera ena."

"Pamsinkhu umenewu?"

"Ndiye msinkhu wake weniweni, bambo."

"Aa, dokotala wanu ndi wamphamvu."

"Lachitatu. Akangomaliza kudya tiziwatulutsa panja, pansi pa mtengo uli kumpandawo."

"Kukatani?"

"Kukadzithandiza."

"Ndaona chimbudzi m'nyumba muno. Chamadzi."

"N'chifukwa chake timatseka chitseko. Angamwe madziwo."

"Nanga aneba?"

"Ndawadziwitsa kale. Akuti palibe vuto, bola asamachitire mbali ya kwawo." Mkamwini analoza mzere ndi chala. "Apa n'pofunika kwambiri. Akamaliza tiziwayamikira pomwepo. Tizinena kuti, mwachita bwino Agogo, n'kuwasisita pamutu, n'kuwapatsa bisiketi."

"Wosisitayo ndani?"

"Aliyense amene ali pafupi. Ngakhale mlendo."

"Akakana kupita pamtengopo?"

"Tiziwanyamula. Koma kumenya ayi. Akachitira m'nyumba tizingokolopa osanena kanthu, chifukwa amachita manyazi."

"Chifundo chanu n'chachikulu."

"Zikomo, bambo. Lachinayi. Pasofa asakhale."

Mkuluyo anali pasofa pomwepo. Anagwira bondo, n'kunyamuka pang'onopang'ono, n'kuima pakati pa balaza manja ali kumbuyo.

"Khalani, bambo."

"Ndaima bwino."

"Mwayenda ulendo wautali."

"Ndati ndaima bwino. Sofayo yalakwa chiyani?"

"Amasiya kafungo. Alendo akabwera amadziwa kuti panali Agogo. Koma lachisanu likuthandiza pamenepo: tiziwasambitsa kamodzi pamwezi, panja, m'beseni, ndi sopo wopha utitiri."

"Kamodzi pamwezi."

"Akasamba pafupipafupi khungu limauma. Lachisanu ndi chimodzi, nsapato zonse tizibisa."

"Agogo amaba nsapato?"

"Kuba ayi. Amangotenga imodzi n'kukaitafuna kuseri."

Mkuluyo anali atalumbira mumtima kuti sathamangitsidwa ndi pepala, ndipo munthu akalumbira yekha mumtima amavutika kwambiri, chifukwa palibe womumasula.

"Lachisanu ndi chiwiri. Kunja kwa geti azituluka ndi chingwe."

"Chomangira chiyani?"

"M'khosi. Tagula chofiira, chili ndi kabelu."

"Chifukwa?"

"Msewu sakuudziwa. Magalimoto sakuwadziwa."

"Agogo sadziwa magalimoto."

"Ngakhale pang'ono, bambo. Akamva hutala amalowa pansi pa tebulo."

Apa ndiye panapweteka. Katoni anapirira, mtengo anapirira, koma zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku, lero munthu wowerenga mamita awauze za hutala?

"Tandiuzani zoona, mkamwini. Agogowo mukuwayesa galu?"

Mkamwini anayang'ana kukhichini n'kutsitsa mawu.

"Pang'onopang'ono, bambo. Liwu limenelo ana analiletsa m'nyumba muno. Akuti tizingonena kuti wachibale."

"Koma mumtima mukudziwa."

"Mumtima tonse tikudziwa. Kungoti sitinena pamaso pawo."

"Ndi mwana wanga yemwe?"

"Iye ndiye anayamba. Ine poyamba sindinkafuna n'komwe kuti abwere. Ndinkati nyumba yathina, komanso ndani aziwayang'anira? Koma ana analira, ndiye ndinangovomera."

"Mwachita bwino kunena."

"Ndiye lachisanu ndi chitatu. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi, tikawafulitse."

Firiji inalira kukhichini, n'kusiya.

"Bwerezani."

"Kufula, bambo. Sizitenga nthawi. Amawagoneka tulo, madzulo ake amabwera akuyenda okha. Amangowaveka kandowa m'khosi kuti asamanyambite."

"Ganizo la ndani limeneli?"

"La mwana wanu. Ine ndinati tiyambe taona khalidwe lawo, koma iye akuti tikachedwa ayamba kulumpha mpanda. Mayi a nyumba yachiwiriyo apempha kale. Akuti kwawo kuli aakazi awiri, sakufuna kulera ana opanda mwini."

"Agogo amene anabereka ana asanu n'kuwalera onse, lero asiye ana opanda mwini?"

"Ayi bambo, amene anakuuzani zimenezo ananama. Agogo sanaberekepo."

"Sanaberekepo."

"Khadi lawo lilipo."

"Nanga mkazi wanuyo anachokera kuti?"

"Kwa inu, bambo."

"Ehe."

"Ehe chiyani, bambo?"

Mkuluyo anavala chipewa, n'kupita pakhomo pomwe panali masutikesi, n'kunyamula imodzi kumanja, ina kumanzere. Nyumba imene ankachita lendi anali atabweza kale makiyi dzulo lake, moti kopita kunalibe.

"Malamulo anayi otsalawo musunge. Agogo akupita."

"Sangapite, bambo. Ali mtulo."

"Ali maso, ndipo amva zonse."

"Adzuka?" Mkamwini anatembenukira kukhichini n'kuimba mluzu. "Agogo! Bwerani kuno, Agogo."

"Mwafika pondiimbira mluzu?"

Chitseko cha khichini chinasuntha. Kanatulukira kagalu kamimba kofufuma, khutu limodzi litapindika, tindevu tili mbuu. Kanaterereka pasimenti, kanadzuka, kanafika pamapazi a mkuluyo n'kuyamba kukoka chingwe cha nsapato.

Mkuluyo anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu ndani?"

"Agogo."

"Nanga ine?"

"Bambo."

"Kuyambira liti?"

"Lachiwiri." Mkamwini anayang'ana pepala, kenako kagalu, kenako apongozi ake, ndipo nkhope yake inasintha ngati ya munthu amene wazindikira kuti mwezi wonse wakhala akuwerenga mita ya nyumba ina. Anatsika pakampando n'kugwada. "Pepani, bambo. Ndimayesa ndinakuuzani."

"Munauza ndani?"

"Ndikuona ngati ndinangodziuza ndekha."

Masutikesi anatsika pansi. Mkuluyo anabwerera pasofa, n'kuima kaye.

"Apa n'pololedwa?"

"Kwa inu n'pololedwa."

Anakhala. Kagalu kanatsatira chingwe cha nsapato mpaka pomwepo. Mkuluyo anapuma kwambiri, anavula chipewa, ndipo anatsala pang'ono kuseka.

"Dzukani, mkamwini, mungathyole mawondo. Bweretsani pepala langa ndimve."

"Lanu liti?"

"Malamulo anga."

"Inu mulibe, bambo. Ndinu munthu wamkulu. Chipinda chanu ndi chakumapeto, bedi latsopano, wailesi ilimo. Ife timachoka m'mawa n'kubwera madzulo, Loweruka timapita kokagula zinthu. Palibe amene azikusokonezani. Muzikhala phee tsiku lonse."

"Phee."

"Phee, bambo. Tinakambirana kuti tisamakuvutitseni."

Mkuluyo anatambasula dzanja, mkamwini n'kuwapatsa pepala la kagalu. Anatulutsa magalasi m'thumba, n'kuwerenga okha anayi otsala aja, milomo ikuyenda.

"Lachisanu ndi chinayi. Agogo azipita kokayenda kawiri patsiku. Amawaperekeza ndani?"

"M'mawa ine, madzulo mayi a ana."

"Lakhumi. Azilankhulidwa tsiku lililonse, ndi mawu okoma. Mumawauza chiyani?"

"Chilichonse. Ine ndimawafotokozera za kuntchito. Samva, koma akuti zimawakhazika mtima pansi."

"Lakhumi ndi chimodzi. Aliyense akafika pakhomo aziyamba wawapatsa moni." Anatsitsa chala. "Lomaliza. Agogo asasiyidwe okha kupitirira maola anayi."

"Limenelo ndiye lovuta. Ndimabwera masana kudzawaona, n'chifukwa chake ndimadya choimirira. Dokotala akuti akakhala okha nthawi yaitali amasiya kudya, amangoyang'ana pachitseko."

"Amatero," anatero mkuluyo. "Miyezi isanu ndi itatu ine ndimaphika za anthu awiri n'kutaya zonse."

Zimenezo papepala panalibe. Mkamwini anakanda m'mutu.

"Bambo, cholakwa ndi dzinali. Ana akangobwera tilisintha lero lomwe. Pepalali ndikalembanso bwinobwino, kuti zizidziwika kuti akunenedwa ndi ndani."

Mkuluyo anapinda pepala lija kanayi n'kuliika m'thumba la jekete, kenako anawerama n'kunyamula kagalu kuika pasofa.

"Bambo, pasofa n'poletsedwa."

"Musasinthe kanthu, mkamwini. Pepalali likuti Agogo asasiyidwe okha. Silinanene kuti agogo ake ati."