A Whiteson Shawa, Amene Anakhala pa Geti

Bambo Mfumu, mafumu athu ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, agona m'bokosi umu ndi bambo Whiteson Shawa. Anabadwa pa 9 Meyi 1966 kuno ku Chiparamba, achitatu m'banja la ana asanu. Akubanja apereka pepalali kwa ine Gerson Miti, mlamu wawo, akudziwa bwino kuti polankhula sindipita m'mbali.

Sukulu anayambira pamudzi pompano, opanda nsapato. Atasankhidwa kupita ku sekondale ku Chipata, makolo anali atafooka kale, choncho amene anawalipirira ndi mlongo wawo wamkulu, malemu mayi Sesiliya. Mayiwa ankalima thonje chaka ndi chaka, ndipo aphunzitsi aakulu a nthawi imeneyo ankawadikira mpaka atagulitsa. Malemuwa anamaliza maphunziro a uphunzitsi mu 1989 ndipo anatumizidwa ku Madzimoyo. Mu 1992 anamanga ukwati woyera ndi mlongo wanga, Mainess Miti.

Mu 2008 analembedwa ntchito pa koleji ina ya mtauni, imene dzina lake sinditchula popeza akuluakulu ake atipatsa ulemu wokhala pamipando ya kutsogoloku. Anawaika kukhala mkulu wa maphunziro opitiriza a anthu akuluakulu, amene amachitika madzulo ndi Loweruka. Kunali zosoka, zamakompyuta, kayendetsedwe ka bizinesi, komanso kalasi ya obwereza Giredi 12. Kumeneko malemuwa anapanga dzina. Ankadziwa chimene mwana aliyense wa mlimi amadziwa, kuti kumudzi ndalama imabwera kamodzi pa chaka, mtedza ndi thonje zikagulitsidwa. Choncho wophunzira ankalowa m'kalasi mu Januwale, n'kudzalipira mu Julayi. Amayi a ana atatu anagwira kompyuta koyamba chifukwa cha iwo, ndipo ena mwa amayiwo ndikukuonani pano.

Mu 2021 pakolejipo panabwera utsogoleri watsopano, paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Analamula kuti kosi iliyonse izidzidyetsa yokha. Kalasi yosakwana anthu makumi awiri itsekedwe. Zipinda zabwino zisungidwire misonkhano ya anthu a m'maofesi, amene amalipiriridwa ndi makampani awo. Ndipo aliyense azilipira zonse mu Januwale, mwezi umene mlimi amakhala atathera pa feteleza, nkhokwe ili gwa kuuma. Malemuwa anatsutsa pa msonkhano umodzi wokha. Atakumbutsidwa kuti penshoni yawo inali pafupi, sanatsutsenso.

Akuluakuluwo anali ochenjera. Sanafune kudetsa manja awo, ndiye anawapatsa malemuwa mpando, tebulo ndi mndandanda wa olipira, n'kuwakhazika pa geti, popeza iwo ndi amene ankadziwa nkhope ya wophunzira aliyense. Ntchito imeneyi anaigwira mokhulupirika kwambiri, monga ankagwirira ntchito zonse. Zimenezi ndikunena ndi mtima wowawa.

M'mawa wa mayeso omaliza, mu Epulo 2022, anabweza anthu makumi anayi ndi atatu. Pakati pawo panali Yosefina, mwana yekhayo wa malemu mayi Sesiliya aja, amene kwa zaka ziwiri ankapalasa njinga kuchokera ku Madzimoyo kudzaphunzira zosoka. Anagwada pafumbi, anthu onse akuona, n'kunena kuti, "Amalume, nshawa zikali m'munda, imwe mudziwa. Nilembeko chabe." Malemuwa sanadzutse mutu. Anayankha kuti, "Pano palibe amalume. Patukani, ena adutse." Kunyumba anauza akazi awo kuti akanalipirira mwana wa mlongo wawo, enawo akanati pali tsankho. Tonse tikudziwa kuti kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi mwana wako, ndipo tsiku limenelo m'thumba mwawo munali mosauma. Yosefina sanalembe mayesowo, ndipo satifiketi alibe mpaka lero.

Pa za tchalitchi, malemuwa anabatizidwa ali khanda, anaimba kwaya zaka zambiri, ndipo anali mlembi wa mphakati wathu. Itachitika nkhani ya pageti, akhristu anzawo sanawanyoze pamaso, ayi. Anangosiya kukhala nawo pa benchi imodzi. Pa chisankho chotsatira anapeza mavoti awiri, ndipo imodzi inali yawo yomwe. Malemuwa ankafuna kwambiri kuti anthu a kwawo awamvetse. Ankaimitsa anthu pamsewu n'kumafotokoza kuti lamulo silinali lawo, koma anthu ankangoti zikomo, n'kumapita.

Kumapeto kwa 2023 nthambi yawo inapanga phindu koyamba chiyambire. Anawaitanira kutsogolo, anawaombera m'manja, anawajambula, n'kuwapatsa chikalata choyamikira cha mu felemu. Patangotha milungu isanu analandira kalata yoti makalasi ambiri azichitikira pa foni, ndipo udindo wa mkulu wa nthambi ndi chimodzi mwa zinthu zodya ndalama pachabe. Anawapumitsa kutatsala zaka ziwiri kuti akwanitse zaka zopumira. Mlonda amene ankakhala naye pageti ndi amene anawaperekeza kunja, atawasecha chikwama. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Anabwerera kumudzi kuno, kumene sanapeze wocheza naye. Mu Ogasiti chaka chatha anagwa ndi sitiroko ali kudimba, ndipo anagonekedwa m'chipatala ku Chipata milungu itatu. Atatuluka, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, mutunso sunkayenda bwino. Masiku ena ankakhala pakhomo n'kumaletsa akazi awo kulowa m'nyumba mwawo momwe, ati aonetse kaye lisiti. Mlongo wanga anapirira zimenezi miyezi isanu ndi inayi, akuwasambitsa ndi kuwatembenuza yekha. Nzeru zikabwerera, malemuwa ankapempha chinthu chimodzi chokha, kuti Yosefina abwere adzamupepese. Tinatuma uthenga katatu, ndipo katatu konse anamudikira akuyang'ana kumsewu. Atisiya Lolemba lapitali masana, ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi.

Tikuthokoza a kukoleji chifukwa cha nkhata ya maluwa. Kalata yawo yachipepeso sindiwerenga, chifukwa theka lake likulengeza makosi atsopano. Tikuthokozanso anthu aganyu ochokera mtauni amene akumba manda, popeza adzukulu a m'mudzi muno onse anapezeka kuti atanganidwa.

Malemu bambo Shawa asiya mkazi wawo, mayi Mainess. Ana anayi, aamuna awiri ndi aakazi awiri. Zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Ndi mng'ono wawo mmodzi. Asiyanso mwana wa mlongo wawo, Yosefina, amene tinamuuza za malirowa Lachiwiri. Anatiyankha mwaulemu kuti tiike bwino, koma iye amalume ake anawalira kale zaka zitatu zapitazo, ndipo munthu salira maliro amodzi kawiri.

Mulungu, amene amaona zonse, awalandire. Apumule mu mtendere.